Mphunzitsi wa m'komboni amphunzitsa ndani?

ZA MAPHUNZIRO, ndi Mtolankhani Wathu

Munthu woyenda m'mawa m'miseu ya Kanyama, Chawama, George kapena Mtendere sangapite patali asanaone khoma lopakidwa utoto wowala, lojambulidwa zilembo, manambala, njobvu ndi mapu a dziko la Zambia. Kuseri kwa khomalo kuli nyumba imene kale inali yogonamo anthu, kapena chalichi imene pa Sondo anthu apempheramo, ndipo m'menemo mumveka mau a ana ali kubwereza zimene wanena mphunzitsi. Awa ndiwo masukulu ang'onoang'ono a anthu wamba, amene eni ake alipiritsa pa mwezi kapena pa temu. Ena ali ndi zipinda zinai, ena zisanu ndi ziwiri, ndipo pafupifupi onse ali ndi dzina lalikulu la Cingelezi pa cipata.

Makolo akafika pa cipata cotere afunsa zinthu zitatu: fizi ndi zingati, yunifomu igulidwa kuti, ndipo mwana adzayamba liti kulankhula Cingelezi. Mafunso awa ngabwino, koma liripo lina limene sitilimva konse, ndilo lakuti: kodi munthu amene adzaima pamaso pa mwana wanga anaphunzira liti kotsiriza za nchito yake, ndipo anamphunzitsa ndani? Mlungu uno danga lino lifuna kukamba za funso limenelo, pakuti mu Januwale 2025 Unduna wa Maphunziro unayamba kugwiritsa nchito ndondomeko yatsopano ya maphunziro m'dziko lonse.

Ndondomeko imeneyi, imene inalembedwa mu 2023, yasintha zambiri. Pulaimale idzakhala ya zaka 6 m'malo mwa 7, sekondale yabwerera ku maina a Fomu 1 kufikira Fomu 6, ndipo coposa zonse, mphunzitsi afunsidwa kuti asangodzaza mitu ya ana ndi mau oloweza, koma aone ngati mwana atha kucita kanthu ndi zimene waphunzira. Inayambira m'makalasi a nasale, mu Giredi 1 ndi mu Fomu 1, ndipo iri kukwera caka ndi caka. Siisankha sukulu iai. Mwana wa pa kasukulu ka ku George adzalemba mayeso amodzimodzi a Examinations Council of Zambia ndi mwana wa ku Kabulonga. Tsono ngati mphunzitsi wa ku Kabulonga wakonzedwa ndipo wa ku George sanakonzedwe, wolangidwa ndi mwana.

Masukulu awa sanangomera okha ngati bowa. Makomboni a mu Lusaka anakula msanga koposa masukulu a Boma. Matero inamangidwa m'zaka za m'ma 1950, Mtendere inatsegulidwa mu 1967, ndipo George ndi Chawama, kumene anthu anangodzimangira okha, anayamba kukonzedwa ndi Boma mothandizidwa ndi World Bank kuyambira mu 1974. Anthu anapitirizabe kubwera, kotero kuti kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa mamiliyoni awiri m'boma la Lusaka. Pamene cuma ca dziko cinabvuta m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, malo m'masukulu a Boma anasowa, ndipo anthu anayamba kudzithandiza. Ena anatsegula masukulu oyendetsedwa ndi makolo ndi mipingo, monga aja a bungwe la Zambia Open Community Schools limene linayamba mu 1992. Ena anatsegula masukulu ngati malonda, makamaka pambuyo pa 1996 pamene Boma linatulutsa cikalata ca Educating Our Future cimene cinalimbikitsa anthu wamba kutengako mbali pa maphunziro. Lamulo la Maphunziro la mu 2011 lizindikira mitundu yonseyi, ndipo lifuna kuti sukulu iri yonse ilembetsedwe.

Boma litacotsa fizi mu Giredi 1 mpaka 7 mu 2002, ndiponso litaicotsa mpaka Giredi 12 mu Januwale 2022, ambiri anaganiza kuti timasukulu iti tatha. Ana ambiri anasamukadi, koma makalasi a Boma anadzaza kotero kuti kholo lina, poona mwana wake ali khale pansi pakati pa anzake osawerengeka, linambwezera kumene anacokera. Cotero timasukulu iti tiripo ndipo tidzakhalapo. Kukangana kuti tiyenera kukhalapo kapena iai ndi kutaya nthawi cabe.

Kodi ophunzitsa m'menemo ndani? Alipo anyamata ndi atsikana amene anatsiriza maphunziro a uphunzitsi pa koleji, dipuloma iri m'cikwama, koma Boma silinawalembe nchito. Iwo ali pano mongoyembekeza, khutu liri ku wailesi kumvera tsiku limene maina adzatuluka. Adziwa za m'buku koma sanakhwime pa bolodi. Alipo ena amene anatsiriza Giredi 12 cabe, amene analowa m'kalasi cifukwa mwini sukulu ndi amalume ao kapena mkulu wa pa chalichi pao. Ambiri a iwo ali ndi mtima wabwino ndithu, koma alibe njira, ndipo pothedwa nzeru agwira ndodo, cinthu cimene lamulo la 2011 liletsa. Apo ndi apo mupezanso wamkulu wopuma pa nchito ya Boma, wodziwa kukhazika kalasi cete ndi diso lokha, koma amene anaphunzira uphunzitsi masiku a Zambia Primary Course.

Lamulo siliri cete pa nkhani iyi. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la nchito ya uphunzitsi limene linakhazikitsa bungwe la Teaching Council of Zambia. Ali yense wophunzitsa, kaya pa sukulu ya Boma kaya ya munthu wamba, ayenera kulembetsa ku bungweli ndi kukhala ndi ciphaso cogwirira nchito cimene cikonzedwanso pakapita zaka zitatu, ndipo imodzi mwa nchito za bungweli ndiyo kuona kuti aphunzitsi apitiriza kuphunzira ali pa nchito. Awerengi adzakumbukira kuti mu 2017 bungwe lomweli, pofufuza mapepala a aphunzitsi, linapeza pafupifupi 500 okhala ndi masetifiketi abodza. Koma ciphaso cinena cabe kuti munthu aloledwa kuima pa bolodi. Sicinena kuti ana ali kumva.

Mukakhala pansi ndi eni masukulu awa mudzamva dandaulo limodzi lomwe, ndipo si lopanda pake. Ati: ndikamtuma mphunzitsi ku maphunziro nditaya ndalama ndi masiku, ndipo akangonola mutu athawira ku Boma kapena ku sukulu yaikulu ya ku mayadi. Mu 2022 Boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi, ndipo ena mwa iwo anacokera m'timasukulu totere, nasiya makalasi caka ciri mkati. Ndalama za sukulu yaing'ono zicokera m'thumba la mai wogulitsa tomato pa msika wa Soweto ndi bambo wogwira ganyu. Zikaleka kubwera, malipiro a aphunzitsi aima. Tinaziona mu 2020 pamene masukulu anatsekedwa kaamba ka matenda a Covid-19, tinazionanso mu 2024 pamene kolera inacititsa kuti masukulu atsegulidwe pa 12 Febuluwale m'malo mwa 8 Januwale. Munthu amene sadziwa ngati adzalipira lendi mwezi wa mawa simungamuuze mopepuka kuti apatule ndalama zophunzitsira anchito ake.

Komabe dandaulo ili silifika patali. Mphunzitsi wofuna kucoka adzacokabe, mumphunzitse kapena musamphunzitse, pakuti comkoka ndi malipiro ndi penshoni. Cimene mwini sukulu angasankhe ndi ici cokha: kodi m'miyezi imene munthuyo ali naye, ana adzaphunzitsidwa bwino kapena moipa? Mwana alibe caka caciwiri ca Giredi 1. M'mera mpoyamba, anatero akale. Ndiponso mphunzitsi akacoka pa sukulu imene aphunzitsi ake akonzera pamodzi maphunziro ndi kulemba zimene apeza, nzeru zitsala m'kabati ndi m'mitu ya otsala. Akacoka pa sukulu imene ali yense adzitsekera m'cipinda cake, apita nazo zonse. Cimene cisokoneza ambiri ndi kuganiza kuti kuphunzitsa mphunzitsi ndiko kumtuma ku hotela ku Kabwe kapena ku Siavonga kwa mlungu wathunthu, kumene adzalandira alawansi ndi kabaji ka pa cifuwa. Maphunziro otero ali ndi malo ake, koma si ndiwo amene asintha za m'kalasi.

Dziko lino linadziwa zimenezi kale, Ufulu usanabwere. Mu 1907 mai wina wa ku Philadelphia ku America, dzina lake Anna Jeanes, anapereka madola miliyoni imodzi kuti athandize timasukulu ta kumidzi ta anthu akuda a kumwera kwa dzikolo. Ndalamazo zinalipira aphunzitsi aluso oyendera, amene nchito yao inali kupita pa sukulu ndi sukulu, kukhala kumbuyo kwa kalasi, kuona mnzao ali kuphunzitsa, ndi kumsonyeza njira pomwepo. Nzeru iyi inaoloka nyanja nifika ku Kabete ku Kenya, ku Domasi ku Nyasaland, ndi kuno kwathu kumene Jeanes School inayambira ku Mazabuka nisamukira ku Chalimbana mu 1939. Aphunzitsi a m'midzi a masiku amenewo anali ophunzira pang'ono cabe, ndipo panalibe ndalama zowabwezera onse ku koleji. Cotero koleji ndiyo inawalondola kumene anali. Mu 1970 Chalimbana inasanduka koleji ya dziko lonse yophunzitsa aphunzitsi amene ali kale pa nchito, ndipo lero ndi yunivesite. Sukulu ya zipinda zisanu ya mu Kalingalinga isiyana pang'ono cabe ndi sukulu ya m'mudzi ya 1939: ndi yaing'ono, ndi yosauka, ndipo aphunzitsi ake sangacoke pa nchito.

Masiku ano njira imeneyi iri ndi dzina lina. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Unduna wa Maphunziro uli ndi dongosolo lochedwa SPRINT, limene lifuna kuti sukulu ikhale ndi maphunziro a aphunzitsi ake temu iri yonse, pa sukulu pomwepo. Mphunzitsi wamkulu aitana msonkhano kuti agwirizane zimene ziri kubvuta. Aphunzitsi akumana m'timagulu kawirikawiri temu iri mkati. Mmodzi wa iwo asankhidwa kukhala wolinganiza misonkhanoyo. Ndipo zonse zilembedwa m'buku limodzi losungidwa mu ofesi. Pamwamba pa sukulu pali mazoni, monga a Matero, Lilanda, Chibolya ndi Kaunda Square muno mu Lusaka, ndipo zoni iri yonse iri ndi malo osonkhanira, kumene aphunzitsi a giredi imodzi kapena a phunziro limodzi akumana. Palibe ciri conse m'dongosolo ili cofuna galimoto, hotela kapena makina. Lifuna nthawi, coko ndi buku.

Mu 2005 Unduna, mothandizana ndi bungwe la JICA la ku Japan, unalowetsa m'misonkhano imeneyi njira imene aphunzitsi a ku Japan akhala ali kuigwiritsa nchito kwa zaka zoposa 100, yochedwa Lesson Study. Inayambira m'cigawo ca Pakati ndi aphunzitsi a sayansi, nifalikira ku Copperbelt ndi Kumpoto ca Kumadzulo mu 2008, ndipo pofika 2015 inali m'zigawo zonse 10. Popeza ambiri a ife tingoimva dzina, tiyeni tione mmene ingagwirire nchito pa sukulu yaing'ono ya mu Chawama.

Tinene kuti mphunzitsi wa Giredi 3 aona kuti ana ambiri akapatsidwa 52 kucotsapo 27 alemba 35. Wawauza kale kasanu kuti yankho ndi 25, wawapatsa masamu ena makumi awiri okacitira kunyumba, koma m'mawa mwake abwera ndi colakwa comweco. Pa msonkhano wa aphunzitsi aika makope a ana pa tebulo. Poyang'ana pamodzi, wina azindikira kuti anawo sali kulota iai: ali kutsata lamulo laolao, lakuti nthawi zonse ucotse nambala yaing'ono ku yaikulu. Aona 2 pamwamba ndi 7 pansi, acotsa 2 ku 7 napeza 5. Atembenukira kumanzere, acotsa 2 ku 5 napeza 3. Bvuto tsono si ulesi. Mwanayo sadziwa kuti 5 wa mu 52 aimira mitolo isanu ya khumi khumi, ndi kuti mtolo umodzi ungathe kumasulidwa.

Aphunzitsi onse pamodzi akonza phunziro limodzi. Agwirizana kuti ana adzabwera ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumi ndi mphira kapena luzi, ndi kuti mphunzitsi sadzayamba ndi kunena lamulo, koma adzapatsa gulu liri lonse mitolo isanu ndi timitengo tiwiri nadzati, ndipatseniko 27. Ayesanso kulosera zimene ana adzacita, ndi funso limene adzawafunsa akakanika. Tsiku lake likafika, mmodzi aphunzitsa, ena akhala m'mbali ndi mapepala. Apa ndi pamene pagona nzeru yonse: oonererawo sayang'ana mphunzitsi kuti amgwire zolakwa, ayang'ana ana. Ndani wayamba kumasula mtolo? Ndani wangokhala manja lende? Mtsikana uja wa pangodya ananena ciani pamene mnzake anafuna kukabwereka timitengo ku gulu lina? Akatsiriza akhala pansi, wophunzitsayo ayamba ndiye kulankhula, ena naonjezapo. Akonzanso phunzirolo, ndipo liphunzitsidwa kaciwiri m'kalasi ina. Zimene apeza azilemba.

Ena adzati, maola onsewo pa phunziro limodzi? Inde. Mphunzitsi amene waona ndi maso ake cifukwa cimene mwana alembera 35 sadzayang'ananso kope la mwana monga kale, ngakhale pa Cingelezi kapena pa sayansi. Adzaleka kungolemba mtanda wofiira, nadzayamba kudzifunsa kuti mwana uyu anaganiza ciani. Ndipo mtsikana wa Giredi 12 uja amene sanapondepo pa koleji adzatola m'temu imodzi zimene sakanazitola m'zaka zisanu ali yekha m'cipinda cake.

Tisabise, pa sukulu yaing'ono pali zopinga zimene pa sukulu ya Boma palibe. Pa sukulu yaikulu Giredi 3 ingakhale ndi makalasi anai kapena asanu, ndipo aphunzitsi ake apanga gulu paokha. Pa sukulu ya m'komboni Giredi 3 ndi munthu mmodzi, nthawi zina yemweyo agwiranso Giredi 4, ndipo kalasi yaciwiri yoyeseramo phunziro lokonzedwanso palibe. Mankhwala ake ali pafupi, koma ngowawa kwa eni masukulu: kugwirizana ndi sukulu ya tsidya lina la mseu. M'makomboni ambiri simungayende mphindi khumi osapeza timasukulu titatu kapena tinai. Eni ake aonana ngati ogulitsa makala oyandikana, ali yense kuopa kuti mnzake adzamlanda ana kapena kumnyengerera mphunzitsi. Mantha awa angathe kumangidwa ndi pangano lolembedwa pamaso pa mboni, lakuti palibe adzakopa wa mnzake. Mutu umodzi susenza denga. Masukulu anai akagwirizana, aphunzitsi a Giredi 1 akhala anai, ndipo msonkhano ungazungulire, mwezi uno pano, mwezi wa mawa apo.

Copinga cina ndi nthawi, ndipo pano danga lino lilankhula ndi eni masukulu mosapsatira. Msonkhano wa aphunzitsi woitanidwa pa Ciweru, kapena madzulo ana atapita, popanda malipiro, udzakhala milungu itatu nufa. Mphunzitsi wa malipiro ocepa ali ndi zocita madzulo: wina aphunzitsa ana apadera kuti apeze ya ndiwo, wina ali ndi kantemba koyang'anira. Kuphunzira kwa aphunzitsi ndi nchito, ndipo kuyenera kukhala m'maola a nchito. Ana atuluke msanga pa Cisanu kamodzi pa milungu iwiri, makolo atauzidwa bwino cifukwa cake. Kholo lina lidzadandaula kuti linalipira tsiku lathunthu. Mwini sukulu aliyankhe kuti wodula mitengo akaima kunola nkhwangwa sanataye tsiku.

Ndipo mwini sukulu kapena mphunzitsi wamkulu asasandutse msonkhanowo bwalo la milandu, lokambirapo za ocedwa ndi za ana amene sanalipire. Mphunzitsi woopa kucotsedwa nchito sadzaulula kuti sadziwa kuphunzitsa mafulakishoni. Adzabisa, ndipo safunsa anadya phula. Njira yabwino yocotsera mantha ndi yakuti wamkuluyo ayambe ndiye kuphunzitsa pamaso pa anzake, nalola kuti amkonze.

Sukulu yosowa poyambira iyambire pa kuwerenga. Mu 2017 ana a sukulu a zaka 15 a m'dziko lino analemba mayeso a PISA for Development, ndipo zotuluka zake, zimene zinalengezedwa mu 2018, zinasonyeza kuti asanu okha pa 100 ali onse ndiwo anafika pa mlingo woyenera pa kuwerenga, ndipo pa masamu anali awiri cabe. Bvuto ili liyambira pansi. Masukulu a m'komboni akopa makolo ndi Cingelezi, ndipo kholo likondwa kumva mwana wa zaka zisanu ali kuimba nyimbo ya Cingelezi. Koma kuimba si kuwerenga. Alipo ana a Giredi 4 olankhula Cingelezi cokoma amene mukawapatsa ciganizo cimene sanacionepo, angoyang'ana cithunzi ndi kulota.

Pa nkhani ya cinenero aphunzitsi akhala ali kutembenuzidwa ngati cimanga pa mbaula. Kuyambira 2014 Boma linati ana a Giredi 1 mpaka 4 aphunzire m'cinenero ca m'dera lao, cimene muno mu Lusaka ndi Cinyanja. Ndondomeko ya 2023 yabwezera Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira pansi, zinenero zathu n'kukhala zothandiza pomasulira. Mwini sukulu wina adzaseka nati, ife tinali kale pa Cingelezi. Koma mwana wa mu Kanyama afika pa sukulu ndi Cinyanja ca m'tauni, Cibemba kapena Citonga, ndipo kudziwa nthawi yomasulira m'cinenero cake ndi nthawi yobwerera ku Cingelezi ndi luso limene munthu sabadwa nalo. Kumlanga mwana kaamba kolankhula cinenero ca amai ake, monga acitira ena, kungomtseka pakamwa.

Pano sukulu yaing'ono ingabwereke nzeru ku pulogalamu ya Catch Up, imene Unduna unaiyesa mu 2016 m'masukulu 80 a m'zigawo za Kum'mawa ndi Kumwera, potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India, nuifalitsa pambuyo pake m'zigawo zina. Mphunzitsi ayesa mwana ali yense payekha ndi pepala limodzi: kodi adziwa zilembo, atha kuwerenga liu, ndime yaifupi, kapena nthano yathunthu? Ndiye kwa ora limodzi pa tsiku ana a Giredi 3 mpaka 5 akhala m'magulu monga mwa pamene afika, osati monga mwa giredi yao. Kuyesa mwana mmodzi kutenga mphindi zocepa cabe. Sukulu ya ana 150 ingathe kuyesa onse m'mlungu umodzi, ndipo pepala la zotuluka lidzauza aphunzitsi zimene ayenera kukambirana temu yonse, popanda kuitana katswiri wocokera kutali.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa setifiketi. Wophunzitsa wopanda maphunziro a uphunzitsi ali kunja kwa lamulo, ndipo kumsunga comweco zaka ndi zaka cifukwa ndi wochipa ndiko kumlakwira iye ndi ana omwe. Njira iripo. Amene sanakhoze bwino Giredi 12 angathe kulembanso mayeso a GCE kuti akwanitse maphunziro asanu ofunika ku koleji, Cingelezi ndi masamu ziri momwemo. Akatero, Chalimbana ku Chongwe ndi makoleji ena aphunzitsa munthu ali pa nchito, iye napita kukakhala kumeneko pa chuthi pokha. Koma acenjere: asanapereke ngwee, afunse ku Teaching Council kapena ku Higher Education Authority ngati kolejiyo ndi yobvomerezeka, pakuti makoleji naonso acuruka. Mwini sukulu angathandize pakulipira malipiro a miyezi ya chuthi, popeza alipo amene alipira miyezi yophunzitsa yokha, ndi pakukongoza mphunzitsi ndalama za koleji pa pangano lolembedwa lakuti adzakhala zaka ziwiri kapena adzabweza. Pangano lotere liyankha dandaulo lija la kuthawa bwino koposa kumana munthu maphunziro.

Ku mbali ya Boma, ndondomeko yatsopano ikafika, maphunziro ake atsika ngati pa makwerero: ocepa aphunzitsidwa ku likulu, iwo aphunzitsa a m'zigawo, a m'zigawo aphunzitsa a m'maboma, kufikira pa zoni ndi pa sukulu. Sukulu yosadziwika ku ofesi ya DEBS, ndiko kuti ofesi yoyang'anira maphunziro m'boma la Lusaka, kalata yoitana siingaifikire. Cotero mwini sukulu wothawa kulembetsa, poopa oyendera masukulu, adzitsekera yekha khomo. Apite, alembetse, adziwane ndi wolinganiza maphunziro wa zoni yake, apemphe masiku a misonkhano ndi masilabasi atsopano. Nao akuluakulu a mazoni akumbukire kuti ana a m'timasukulu iti ambiri adzalowa m'masukulu a Boma pa Fomu 1, kapena tsiku limene fizi idzabvuta kunyumba, ndipo mphunzitsi wa Boma ndiye adzakolola zimene zinafesedwa kumeneko. Mpando umodzi woonjezera pa msonkhano wa zoni suononga ndalama za Boma.

Inu makolo, temu ikatsegulidwa ndipo mwapita kukalipira, pemphani kuonana ndi mphunzitsi wamkulu. Afunseni ngati aphunzitsi ao ali ndi ziphaso za Teaching Council, tsiku limene akumana kukonza maphunziro, ndi zimene anakambirana pa msonkhano wotsiriza. Pemphaninso kuona buku lolembamo misonkhanoyo. Ngati liripo, yang'anani deti la pa tsamba lotsiriza.